Kiyi wa chipinda chakumapeto

Kopaletivi yathu ndi ya alimi a soya ndi mtedza. Ofesi ili chakufupi ndi Nathenje, kungopatuka pang'ono mu msewu wa M1, ndipo nyengo yokolola ikafika timakakoleka sikelo ina ku Mitundu kuti anzathu a mbali ya phiri la Bunda asavutike ndi mtunda. Mlimi akabweretsa mbewu zake timamupatsa gawo la ndalama pomwepo, yotsalayo amadzalandira tikagulitsa katundu yense pamodzi. Ine anandisankha kukhala msungichuma chifukwa ndinaphunzitsako kupulayimale, komanso anthu ankati ndalama ya gulu sindiitulutsa mwachisawawa. Zimene ndikulemba pano ndi mmene kusamala kwangako, kutaphatikizana ndi kusadziwa, kunatayitsira alimi anzanga zolembedwa za miyezi isanu ndi umodzi. Ndikuzinena poyera chifukwa m'maofesi ang'onoang'ono ambiri a kumudzi muli bokosi longa limene ndinawononga ine, ndipo kiyi wake ali m'thumba mwa munthu amene sanauzidwe kanthu.

Mu 2021 bungwe lina lothandiza alimi linatibweretsera zipangizo. Akalaliki analandira matabuleti ndi kamakina kosindikiza malisiti. M'chipinda chakumapeto, momwe kale tinkaunjikamo masaka opanda kanthu, anaikamo kabati yachitsulo yolekeza m'chiuno. Mkati mwake munali bokosi lakuda lopanda sikirini, longolira chapansipansi usana ndi usiku. Kunsi kwake kunali bokosi lina lolemera, lolumikizidwa ku mabatire awiri aakulu, ndipo pamwamba panali kachipangizo ka tinyanga tiwiri ndi timagetsi tophethira. Pakhoma anakhomapo fani. Maphunziro anachitika, koma oitanidwa anali akalaliki okha, achinyamata a zala zozolowera kudina. Ife a komiti anatiitana tsiku lolandira katundu, tinajambulitsa, kenako anandipatsa kiyi n'kundiuza kuti, "Bambo, umu musamalowe wina aliyense." Mawuwo ndinawasunga. Koma ntchito ya chinthu chilichonse cha m'kabatimo palibe anandifotokozera, nanenso sindinafunse, poopa kuoneka mbuli pamaso pa ana amene ena mwa iwo ndinawaphunzitsa ndekha kuwerenga.

M'mutu mwanga, mabuku a kopaletivi anali m'matabuleti, pakuti m'menemo ndi momwe ndinkaonamo maina a anthu. Sizinali choncho. Bokosi lakuda lija ndilo seva, kompyuta imene ntchito yake ndi kusunga zinthu ndi kuyankha makompyuta ena. Kalaliki akalemba kuti uje wabweretsa makilogalamu akutiakuti, tabuleti imapereka mawuwo ku seva. Akafuna kudziwa ngongole ya mbewu imene uje watsala nayo, tabuleti imafunsa ku seva komweko. Ya ku Mitundu inkasunga za tsiku limodzi lokha, madzulo ikafika pa ofesi n'kukhuthulira zonse m'bokosi muja, m'mawa n'kuyambanso yopanda kanthu. Seva ilibe sikirini chifukwa siidikira munthu woti akhale patsogolo pake. Masheya athu, ngongole zathu, thumba lililonse lokwera pa sikelo, zonse zinali m'chinthu chimene ine ndinkachiona ngati chongodya magetsi.

Chaka cha 2022 chinali chowawa kwa aliyense wosunga ndalama za gulu. Mu Januwale namondwe wa Ana anawononga pa Kapichira mu mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuyambira pamenepo magetsi ankazima maola ambirimbiri pa tsiku. Kumapeto kwa Meyi kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mitengo ya zinthu n'kudumpha. Nthawi yomweyo ntchito ya bungwe lija inatha, zolipira zonse n'kugwera ife. Ndinakhala pansi ndi pensulo kufufuza poti ndidule. Maso anga anagwera pa bandulo ya intaneti imene tinkagulira rauta, kachipangizo ka tinyanga kaja, mwezi ndi mwezi. Ndinali nditaonapo akalaliki akuseka ndi mafoni awo pakhonde, akuonera zithunzi pa WhatsApp ndi wifi ya pa ofesi, ndipo zinkandipweteka kuti ndalama ya mlimi wosenza soya pamutu ikuthera pamenepo.

Mmodzi mwa akalalikiwo ndi mwana wa mlongo wanga. Atamva, anandilondola panja.

"Atsibweni, anatiuza kuti rauta isamakhale yopanda bandulo."

"Chifukwa chiyani?"

"Anati ndi za bakapu."

"Bakapuyo n'chiyani?"

Anayesa kufotokoza koma mawu anamuthawa, pakuti nayenso anangomva m'kalasi osaziona ndi maso. Ndinamuuza kuti tiyese mwezi umodzi, zikavuta tidzagula. Juni atalowa bandulo inatha, koma matabuleti ankagwirabe ntchito bwinobwino, malisiti akutuluka monga mwa masiku onse. Ndinatsimikiza kuti ndapulumutsa ndalama, a komiti n'kundiyamikira. Chimene sindinadziwe n'chakuti rauta ili ndi ntchito ziwiri. Imalumikiza zipangizo za m'nyumba imodzi kuti zizilankhulana, ndipo pa zimenezi siifuna bandulo. Ntchito inayo ndi kutsegula njira yopita kunja, ku intaneti. Usiku uliwonse, ife tili m'tulo, seva inkakopera zonse za tsikulo n'kuzitumiza kutali kudzera pa njira imeneyi. Kukopera kumeneku ndiye bakapu. Kuyambira usiku umene bandulo inatha, seva inkayesa kutumiza n'kulephera, popanda woona.

Cholakwa chachiwiri ndinachichita mu Okutobala. Mtedza unachuluka chaka chimenecho, wogula anachedwa kubwera, ndipo mosungira katundu munadzaza mpaka pakhomo. Ndinatsegula chipinda chakumapeto n'kusanjamo matumba mozungulira kabati ija mpaka kutseka zenera. Fani ndinaizimitsa kuti mayuniti a magetsi azikhalitsa, poganiza kuti m'chipinda mopanda munthu mphepo ilibe womupepesa. Amene amadziwa kutentha kwa Okutobala pansi pa malata opanda siling'i angamvetse mmene munalili. Fumbi la makoko a mtedza linkayamwidwa ndi timafani ta mkati mwa seva n'kumatirira m'menemo. Posakhalitsa bokosilo linayamba kulira kamvekedwe kachilendo, kodukizaduka, ndipo kagetsi kamodzi kobiriwira kanasanduka kachikasu. Ndinamva, ndinaona. Ndinafunsa akalaliki ngati zonse zikuyenda, anati zikuyenda, ine n'kutseka chitseko.

Seva ija inali ndi madisiki awiri olemba zinthu zofanana nthawi imodzi, kuti imodzi ikafa inayo ipitirize. Akatswiri amati RAID. Kagetsi kachikasu kankanena kuti disiki imodzi yafa kale ndi kutentha, tatsala ndi imodzi yokha, tithamange kukagula ina. Makinawo anachita mbali yake, anandichenjeza momveka kwa milungu ingapo.

Kumapeto kwa Novembala apongozi anga aakazi anamwalira kumudzi kwawo, kupitirira Mitundu. Anali mayi wa mpingo, ndipo makwaya anabwera ochuluka kudzagona pa siwa. Kumudziko kulibe magetsi. Jenereta inapezeka, koma petulo ndiye ankasowa miyezi imeneyo, anthu akugona pamizere m'mafilingi siteshoni. Adzukulu ndi akuluakulu a mpingo anayang'ana kwa ine mkamwini kuti ndipeze kuwala ndi mphamvu ya chimkuzamawu. Ndinakumbukira mabatire awiri aja. Lachisanu madzulo ndinapita ku ofesi, ndinawamasula, ndipo pokumbukira kuti mwana wa mlongo wanga ananenapo kuti bokosi lakuda lisamazimitsidwe, ndinasolola nthambo yake m'bokosi lolemera lija n'kuilowetsa mwachindunji pa soketi ya pakhoma. Linayaka. Ndinachoka mtima uli m'malo, ndikuti Lolemba ndibweza zonse mmene zinalili.

Bokosi lolemeralo ndi UPS. Limaima pakati pa magetsi a pakhoma ndi seva. Magetsi akazima, limatenga mphamvu m'mabatire nthawi yomweyo, seva osadziwa n'komwe kuti kunja kwada, ndipo mabatire akayandikira kutha limaiuza kuti itseke mabuku ake mwadongosolo isanagone. Magetsi akabwera mwaukali, limawaphwetsa asanafike pa zipangizo. Chaka chonse cha kuzimazima chija, UPS ndiyo inkatchinjiriza seva yathu kangapo pa tsiku. Ine ndinaichotsa Lachisanu lija, ndipo Loweruka kunagwa mvula yamphamvu ya mabingu ndi ziphaliwali. Mlonda anadzandiuza pambuyo pake kuti usiku umenewo babu la pakhonde linkayaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, kenako linawala kwambiri n'kuphulika.

Lolemba matabuleti anakana. Ndinauza akalaliki kuti ndi netiweki, tidikire, ndipo alimi amene anabwera kudzafunsa za ndalama yawo yotsala ya mtedza tinawabweza ndi mawu omwewo. Madzulo onse atachoka ndinalowa m'chipinda chija kukabwezera mabatire. Munali fungo la pulasitiki yopserera, ndipo bokosi lakuda linali zii.

Apa ndi pamene ndimadziimba mlandu kwambiri. Ndikanaimbira foni a tcheyamani usiku womwewo, mwina disiki yotsalayo ikanapulumuka, pakuti chimene chinapsa motsimikizika chinali chigawo cholandira magetsi. Koma manyazi anandigwira. Ndinafuna kukonza mwakachetechete kuti pasadziwike kanthu. M'mawa ndinakulunga sevayo m'chitenje, ndinaimanga ndi mphira kumbuyo kwa njinga yamoto ya kabaza, ulendo wa ku Mitundu pa msewu wafumbi wodula, wa mabampu ndi matope. Ndinaipereka kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi mawailesi pamsika. Iye ananena zoona, kuti chinthu chotere sanachigwirepo, koma ine ndinamukakamiza, ndikumulonjeza ndalama. Anachotsa disiki, anaiyesa pa kompyuta yake, inkangogogoda mkati osaonetsa kanthu. Ndinamuuza kuti aitsegule tione chikugogodacho. Anamasula tizomangira, natukula chivindikiro pabenchi pake, pambali pa msewu pomwe ngolo ndi malole zimadutsa. Ndinaona mbale yonyezimira ndi kamkono kopyapyala kogona pamwamba pake. Anapukuta mbaleyo ndi kansalu, natseka. Kugogoda kuja kunaleka, disikiyo sinalirenso.

Ndipamene ndinafunafuna nambala ya mayi amene anadzaika zipangizozo. Anali atasiya ntchito ku bungwe lija koma anali mu Lilongwe momwemo, ndipo anavomera kundiona. Ndinakwera minibasi ya msewu wa Bunda, seva ili pamiyendo. Mayiyo ndi wamng'ono kwa ine, msinkhu wa ana anga, koma anandikhazika pansi n'kumvetsera nkhani yonse osandidula. Atamva za kutsegula disiki anagwira pakamwa. Anandifotokozera kuti mbale ija imazungulira maulendo masauzande angapo pa mphindi imodzi, ndipo kamkono kowerenga kamayandama pamwamba pake pa mpata wochepa kuposa kanjere kamodzi ka fumbi. Disiki yotere imatsegulidwa m'chipinda chapadera cha mpweya wosefedwa, ndipo ngakhale kuigwedeza pa njinga kumaipweteka. Ndinamufunsa za disiki inzake, poti anati onse awiri ankalemba zofanana. Anati imene ija inafa mu Okutobala, ndipo nayonso sinkayankha.

"Bambo," anatero, "madisiki awiri m'bokosi limodzi ali ngati nkhokwe ziwiri zogundana pabwalo limodzi. Chiswe chikalowa imodzi, inayo itsala. Koma moto ukabuka zipsa zonse. Bakapu ndi chimanga chimene mwakasungitsa kwa mlongo wanu kutsidya la mtsinje. Tiyeni tione kuti kutsidyako munasiyako chiyani."

Anatsegula laputopu yake, nalowa pa cloud pomwe seva yathu inkatumiza zinthu. Ine ndinkamva mawu amenewa pa wailesi n'kumaganiza kuti zinthuzo zimangoyandama mumlengalenga. Anati ayi, cloud ndi maseva a anthu ena, okhala m'nyumba zenizeni, amene timachita lendi kagawo kake. Nyumba yotero ndiyo data centre. Zathu zinali ku Cape Town, komwe kampani ya Amazon inatsegula malo ake otere mu 2020. Anandionetsa zithunzi za mkati mwa nyumba zoterezi: makabati aatali achitsulo atandandalika m'mizere, lililonse lodzaza maseva osanjikizana, nthambo zitamangidwa bwinobwino, pansi popanda kachitsotso. Makina oziziritsa sapuma. Magetsi amalowa kuchokera mbali ziwiri zosiyana, kumbuyo kwake kuli zipinda za mabatire, kumbuyo kwa mabatire kuli majenereta ndi matanki a dizilo. Moto ukabuka, m'malo ambiri otere amauzimitsa ndi mpweya wapadera kuti madzi asawononge makina. Pakhomo salowa munthu wopanda chilolezo. Ndikuyang'ana zithunzizo ndinazindikira chinthu chilichonse: fani yathu, UPS yathu, kiyi wanga. Kachipinda kathu kanali ndi zonse zofunika, zochepa chabe, ndipo ndinazichotsa chimodzichimodzi ndi manja anga.

Anandiuzanso kuti boma lathu linali litangotsegula data centre yake ku Blantyre mu Julayi 2022, yomangidwa ndi kampani ya Huawei, ndipo amene anaitsegulira anali Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera. Ine nkhaniyo ndinaimva pa wailesi nthawi imeneyo koma inandidutsa, sindinaione ngati yokhudza mlimi wa ku Nathenje.

Kenako tsiku la bakapu yomaliza linaonekera pa sikirini. Linali la kumapeto kwa Meyi. Anandifunsa modekha chimene chinachitika mu Juni, ndipo ndinamuuza za bandulo. Sanandikalipire. Anangoti bakapu imene palibe amaiyang'ana ngati ikuchitikadi ndi chinthu chofala ngakhale m'makampani aakulu, ndipo iye mwini anadandaula kuti pa maphunziro paja sanaumirire kuti osunga kiyi ndi osunga ndalama akhalepo. Pa mfundo iyi ndimagwirizana naye mpaka lero, osati pofuna kudzichotsera mlandu. Amene amabweretsa makina kumudzi amaphunzitsa wodina, n'kuiwala amene amasankha choti chilipiridwe ndi choti chizimitsidwe. Woopsa kwa seva ndi wachiwiriyu.

M'minibasi pobwerera ndinakumbukira mizere ya feteleza wotsika mtengo mu 2020, chaka choyamba cha pulogalamu ya AIP, thumba lili pa K4,495. Wogulitsa ankajambula chiphaso cha unzika ndi foni, ndipo m'madera ambiri anthu ankaswera padzuwa akuuzidwa kuti netiweki palibe. Tsopano ndinaona ulendo umene funso la foniyo linkayenda: kuchoka pa foni kupita pa nsanja, kuchoka pa nsanja kulowa mu nthambo za fayiba, mpaka kukafika pa seva ina kutali imene iyenera kuyankha kuti munthuyu alipo pa mndandanda. Nsanja ikhoza kuthima, nthambo ikhoza kudulidwa ndi okumba ngalande, seva ikhoza kulemedwa pamene dziko lonse likuifunsa m'mawa umodzi. Zonsezi ndi matenda osiyana ofuna mankhwala osiyana, koma woima pamzere amauzidwa chinthu chimodzi, ndipo ine ndinabweza alimi anzanga ndi chomwecho pamene vuto linali m'chipinda chimene kiyi wake ndinali naye. Zaka zotsatira zinandiphunzitsa kuti ngakhale zikuluzikulu zimagwa. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowedwa ndi akuba a pa intaneti, ndipo ntchitoyo inaima kwa milungu. Mu Meyi chaka chomwecho nthambo za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti n'kufooka m'maiko a kuno kummawa kwa Africa, Malawi yemwe. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho zambiri za intaneti yathu zimadzera kwa anansi, kumene nthambozi zimatulukira pamtunda monga ku Dar es Salaam ndi ku Maputo.

Ndinafika pa Nathenje dzuwa litapendeka ndipo ndinapita molunjika kwa a tcheyamani. Ndinanena zonse, kuyambira bandulo mpaka benchi ya ku Mitundu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, izi simundiuza ine ndekha. Mukanena pamaso pa eni ake." Msonkhano unaitanidwa, ndipo ndinaimirira pamaso pa mamembala n'kubwereza. Ena anakwiya poyera, ndipo anali ndi chifukwa. Mvula inali itagwa, chimanga chitamera, anthu akudikira ndalama ya mtedza kuti agule feteleza wobereketsa. Zolembedwa za soya wochedwa, za mtedza wonse, za amene anabweza ngongole kuyambira Juni, zonse kunalibe.

Tinapempha kuti aliyense abweretse malisiti ake. Apa tinakumana ndi tsoka lina limene palibe analiganizira. Kamakina kathu sikagwiritsa ntchito inki, kamawotcha zilembo pa pepala lapadera, ndipo pepala lotero likakhala potentha kapena padzuwa zilembo zimafufutika. Anthu anasunga malisiti awo mosamala, ena m'Baibulo, ena m'jumbo atatsomeka kudenga. A m'Baibulo ambiri ankawerengeka. A kudenga anali oyera. Mayi wina wamasiye wa kufupi ndi Mitundu, amene akulera zidzukulu, anamasula mfundo ya chitenje chake n'kundipatsa timapepala titatu topanda chilembo ngakhale chimodzi. Anati, "Aphunzitsi, inu munaphunzira, werengani. Ine ndinabweretsa matumba asanu ndi awiri." Ndinawatembenuza uku ndi uku, ndinawayang'anitsa padzuwa, osaona kanthu.

Ntchito yobwezeretsa inatitengera mpaka chimanga chitamasula ngaiyaye. Mayi wa ku Lilongwe uja anatsitsa bakapu ya Meyi n'kuiika pa kompyuta ina, ndiye maina, masheya ndi ngongole zakale zinabwerera. Zotsalazo tinazitola kwa anthu. Mnyamata woyeza pa sikelo ya ku Mitundu anali ndi chizolowezi cholemba manambala m'kabuku kake asanauze kalaliki, ndipo kabukuko, kothimbirira ndi mafuta a mtedza, kanatipulumutsa pa anthu ambiri. Eni ngolo ankakumbukira katundu amene ananyamula ndi kwa yani, chifukwa amalipiritsa pa thumba. Amene analandira ndalama yoyamba pa Airtel Money kapena Mpamba anali ndi mauthenga m'mafoni mwawo, ndipo kuchokera pa ndalamayo tinkawerengera chobwerera m'mbuyo kupeza makilogalamu. Pomwe panalibe umboni wina, nyakwawa ndi anansi awiri ankaikira umboni pamaso pa gulu. Mayi wamasiye uja anapezeka m'kabuku ka pa sikelo ndi matumba asanu. Awiri enawo anati anabwera nawo pa ofesi tsiku lina, pa njinga ya mdzukulu wake, ndipo palibe chinalembedwa pena paliponse. Gulu linakana kulipira chopanda umboni, poopa kutsegula khomo kwa ena. Ndinagulitsa nkhumba yanga n'kumulipira matumba awiriwo, chifukwa ndinkamukhulupirira ndipo amene anafufuta umboni wake ndinali ine.

Titaphatikiza zonse, makilogalamu amene anthu ananena anaposa amene wogula analipira. Kusiyanako sikunali kwakukulu, koma kunatanthauza kuti ena anawonjezera, kapena anaiwala moona mtima, ndipo panalibe njira yodziwira. Tinagawana kuchepako tonse, aliyense kudulidwa pang'ono, oona ndi onama omwe. Ichi ndi chimene chinapweteka gulu kuposa kuchedwa kwa ndalama, pakuti anthu amene analima limodzi zaka zambiri anayamba kuyang'anana ndi diso lina.

Udindo wa msungichuma ndinautula, koma anandipempha kuti ndikhalebe membala. Seva ina tinagula yogwiritsidwapo kale ntchito, titasonkha nyengo yotsatira. M'chipinda chakumapeto simulowanso thumba, ndipo pakhoma pali pepala la m'Chichewa lofotokoza chinthu chilichonse cha m'kabati, tanthauzo la kagetsi kalikonse ndi nambala yoimba kakasintha mtundu. Bandulo ya rauta imalembedwa pamwamba pa ndondomeko ya ndalama, patsogolo pa chakudya cha pamisonkhano. Lachisanu lililonse mwana wa mlongo wanga amaona tsiku la bakapu yomaliza n'kuliwerenga mokweza pamaso pa msungichuma watsopano, kenako amakopera zonse pa disiki yaing'ono imene imakagona kunyumba kwa a tcheyamani. Pa sikelo iliyonse pali buku la hadikava, ndipo mlimi amasaina kapena kudinda chala asanachoke.

Mabanja angapo a mbali ya Mitundu anatuluka m'kopaletivi chaka chimenecho ndipo sanabwerere. Soya wawo amagulitsa kwa mavenda pamsika, pa mtengo wotsika, koma ndalama yonse amalandira m'manja tsiku lomwelo. Ndinapita kunyumba kwa mmodzi wa iwo kukapepesa ndi kumufotokozera mmene tikusungira zinthu tsopano. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anamvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo anati aganizira akadzaona nyengo ziwiri kapena zitatu zitadutsa popanda vuto.